Ogona pa dooko la Liwonde

Dzuwa likapendeka pa Liwonde, mlatho wa pa Shire umadzaza. Minibasi zochokera ku Zomba zimatsitsa anthu, akabaza amalimbirana katundu, ndipo m'madzimo mvuu zimayamba kubuula. Amene mdima wamupeza pano safunsa kawiri kogona. Zikwangwani zandandalika kuyambira tsidya la Machinga mpaka pa Mangochi Turn-off, tsidya la Balaka: apa loji, apo resitihausi, uko malo ogona alendo. Zambiri mwa nyumbazi si za makampani ayi. Ndi za mabanja, ndipo kawirikawiri eni ake amagona mumpanda womwewo, kuseri kwa zipinda za alendo.

Kale kugona sikunali kogula. Wapaulendo ankafikira kwa mfumu, nanena kochokera ndi kolowera, ndipo ankapatsidwa madzi, nsima ndi mphasa. Akulu ankati mlendo ndi mame, motero kumusunga usiku umodzi sikusaukitsa munthu. Koma si onse odutsa pano amene anali alendo. Dera la mfumu ya Chiyao, Liwonde, imene tauniyi inatengera dzina, linali pa njira ya minyanga ya njovu ndi akapolo opita kugombe la kum'mawa, ndipo ambiri anaoloka mtsinjewu ali m'magoli.

David Livingstone anakwera chigwa cha Shire mu 1859. Mu 1875 sitima ya Ilala, imene anthu anainyamula zidutswazidutswa kulambalala mathithi, inalumikizidwa pa Matope n'kudutsa pa Liwonde kupita kunyanja. Pambuyo pake panabwera sitima za kampani ya Mandala. Mu 1893 asilikali a Harry Johnston anamenyana ndi anthu a Liwonde, ndipo atsamunda anamanga linga, malowa n'kukhala boma la dera limene ankalitcha Upper Shire. Mzungu ankagona m'sitima kapena pa boma. Amtengatenga amene ankamusenzera katundu ankagona panja, mozungulira moto.

Kenako mtsinje unaitaya Liwonde. Nyanja inatsika, mchenga ndi bango zinatseka njira, ndipo kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 Shire sankayenda n'komwe kuchokera kunyanja. Sitima zapamadzi zinaleka kubwera. Mwayi unagwera Balaka, pakuti mu 1935 njanji yochokera ku Blantyre inadutsa kumeneko kupita ku Salima. Siteshoni inakoka masitolo a amwenye, ogula thonje, ndi anthu odikira sitima usiku wonse amene ankafuna tiyi ndi pogoneka mutu. Liwonde inatsala ndi pantoni yoolotsa magalimoto, basi.

Pantoni yomweyo ili m'mbiri ya dziko. Mu Febuluwale 1965, anthu a Henry Masauko Chipembere atalanda zida ku Fort Johnston, kumene lero ndi ku Mangochi, analunjika ku Zomba. Atafika pa Liwonde anapeza pantoni ili tsidya lina, ndipo asilikali a boma anawabalalitsa. Chaka chomwecho baraji ya Kamuzu inatha kumangidwa kuti izilamulira madzi opita kumakina a magetsi a ku Nkula, ndipo pamwamba pake panadutsa msewu. Nthawi ya pantoni inathera pomwepo.

Zaka khumi zotsatira ndizo zinabala tauni imene tikuidziwa lero. Mu 1970 njanji yochokera pa Nkaya, m'dera la Balaka, inaoloka Shire pa Liwonde kupita ku Nayuchi ndi ku doko la Nacala. Mu 1973 boma linakhazikitsa nkhalango yosungirako nyama ya Liwonde. Mu 1975 likulu linasamukira ku Lilongwe koma nyumba ya malamulo inatsalira ku Zomba, choncho nduna, alembi ndi madalaivala awo ankapita n'kubwera kudzera pa mlathowu. Kunadza maofesi a zaulimi, nkhokwe za ADMARC ndi chipatala chachikulu cha boma la Machinga. Kalembera wa 1977 anapeza anthu osakwana 4,000 pa Liwonde. Wa 2018 anapeza oposa 36,000.

Alendo a ndalama ankafikira ku Kudya Discovery Lodge, m'mbali mwa mtsinje, imene lero ndi Hippo View Lodge. Munthu wamba, monga m'matauni ena a nthawi imeneyo, ankadalira resitihausi yotsika mtengo: bedi lachitsulo, bulangete lopyapyala, bafa ndi chimbudzi za onse. Apa m'pamene mabanja anaona mpata. Wina anali ndi penshoni ya ntchito ya boma, wina phindu la golosale kapena chigayo, wina ndalama za ku Joni. Ankaumba njerwa pa poloti, n'kumanga mdadada wa zipinda zinayi kapena zisanu ndi chimodzi zoyang'ana pabwalo. Zikabweza ndalama, ankawonjezera zina ziwiri. Mpaka lero munthu akhoza kuwerenga zaka za nyumba yotere poyang'ana malata: akale adzimbiri kuno, atsopano autoto uko.

Ntchito yake ndi ya banja lonse, ndipo siioneka kwa wodutsa pamsewu. Mayi amadzuka kusanache kuteleka madzi osamba pa nkhuni, chifukwa mlendo wokwera basi yoyamba amafuna ndowa yake pakhomo. Mwana wa sekondale amalemba mayina m'kaundula akaweruka. Mphwake wochokera kumudzi ndiye mlonda, wosesa ndiponso wotumidwa kumsika. Nsalu zofunda zimachapidwa pamanja, ndipo chipinda chopanda neti sichigonedwa, poti udzudzu wa pa Liwonde ndi wodziwika ngati kutentha kwake. Kukhitchini nakonso kuli malamulo ake. Ambiri kuno ndi Asilamu, motero mwini nyumba wanzeru, ngakhale akhale Mkhristu, amaonetsetsa kuti nkhuku ndi mbuzi zazingidwa moyenera ndipo nkhumba siilowa mumphika. Chambo chimene kale chinkachokera ku Malombe chinayamba kusowa m'zaka za m'ma 1990, ndipo lero mbale ya chambo ndi ya mlendo wolemera. Enawo amadya mlamba, matemba kapena nkhuku yachikuda.

Pali chinanso chimene mabanjawa amalimbana nacho, ndicho mbiri ya dzina lakuti resitihausi. M'makutu a anthu ambiri dzinali limanunkha mowa ndi chiwerewere, makamaka kuyambira pamene Edzi inasesa matauni a m'mbali mwa misewu. N'chifukwa chake ambiri anafufuta mawuwo pa chikwangwani n'kulemba loji, ndipo ena amakana dala kutsegula bala ngakhale akudziwa kuti ndalama yachangu ili kumeneko. Banja lolera ana mumpanda momwemo limaganiza kawiri lisanalandire aliyense wogogoda pakati pa usiku. Amene amaweruza nyumba zonsezi ndi muyeso umodzi amalakwira amayi ambiri amene aphunzitsa ana ndi ndalama yoyera ya zipinda.

Njira zinapitiriza kusintha. Nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji ya Nacala m'zaka za m'ma 1980. Msewu wa Zalewa utatsegulidwa, magalimoto ambiri a pakati pa Blantyre ndi Lilongwe analeka kuzungulira ku Zomba ndi ku Liwonde. Chimene chinapulumutsa malonda ndi ndale za zipani zambiri. Kuyambira 1994 mabungwe anachuluka, ndipo nawo anabwera maphunziro ndi misonkhano ya masiku atatuatatu. Liwonde inali pabwino, pafupi ndi Zomba, Mangochi, Ntcheu ndi Balaka, imene inakhala boma palokha mu 1998. Msonkhano unkachitikira m'holo ya loji yaikulu, koma mphunzitsi kapena mlangizi wa zaumoyo akalandira alawansi ankapita kukagona kotsika mtengo kuti yotsalayo akagulire feteleza. Ndalama imeneyo ndiyo inamanga zipinda zambiri zokhala ndi bafa mkati. Ndiye boma likaletsa misonkhano ya kutali ndi maofesi pofuna kupulumutsa ndalama, kapena mabungwe akaganiza zolipira okha malo ogona ndi chakudya, oyamba kulira si mahotela. Ndi mayi wa zipinda zisanu ndi zitatu uja.

Ku Balaka alendo ndi amtundu wina pang'ono: ogula thonje ndi nandolo, obwera ku mishoni ya a Montfort, ndi otsata nyimbo za tauni imene inabala Alleluya Band. Malemu Lucius Banda nayenso analowa malondawa ndi Zembani Lodge.

Nanga azungu odzaona nyama? Nkhalango ya Liwonde inadzuka kwambiri bungwe la African Parks litayamba kuiyendetsa mu 2015. Anaitchinga ndi mpanda wamagetsi, anabweretsa mikango mu 2018 ndi zipembere 17 zochokera ku South Africa mu 2019, ndipo njovu zinachuluka mpaka 263 zinasamutsidwira ku Kasungu mu 2022. Mpandawo unathandiza midzi imene njovu zinkaidyera chimanga. Koma mlendo wolipira madola kawirikawiri amatengedwa pabwalo la ndege n'kukatsitsidwa ku malo ogona a Mvuu kapena Kuthengo, mkati mwa nkhalango, ndipo opita ku Mvuu ambiri amakhotera pa Ulongwe osaiona n'komwe tauni. Nyumba za mabanja zimalandira dalaivala wake, ana asukulu obwera ndi aphunzitsi awo, ndi mabanja a ku Blantyre ofuna kukwera bwato Loweruka. Malonda amenewa si onyozeka, ndipo anaoneka kufunika kwake mu 2020, pamene Covid-19 inaimitsa ndege kuyambira Epulo mpaka Seputembala, alendo akunja n'kuzimiririka.

Zaka zotsatira sizinapatse eni nyumbazi mpata wopuma. Namondwe Ana atawononga makina a ku Kapichira mu Januwale 2022, magetsi ankazima maola ambiri, ndipo pa Liwonde chipinda chopanda fani ndi ng'anjo. Okhoza anagula sola kapena jenereta. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sopo, mababu ndi matiresi zinakwera tsiku limodzi, pomwe mtengo wa chipinda sungakwere choncho mlendo osathawira kwa mnansi. Pamwamba pa izi pali chiphaso cha khonsolo, chiphaso cha zokopa alendo ndi msonkho wa 1 peresenti wa zokopa alendo.

Mu 2024 mtsinje unakumbutsanso anthu za mphamvu zake, ulendo uno osati pouma ngati mu 1915. Nyanja inakwera kuposa mmene inachitira kwa zaka zambiri, malo ogona a m'mphepete mwa madzi ku Mangochi anamira, ndipo maso onse anatembenukira ku zitseko za baraji ya pa Liwonde. Akumtunda ankati zitsegulidwe kuti madzi achoke m'zipinda zawo. Akumunsi, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ankaopa kusefukira kwa madzi, ndipo a magetsi ankafuna madzi osungidwa a m'chilimwe. Amene anamanga pafupi ndi bango pofuna kuti alendo azionera mvuu pakhonde anagona tulo ta mantha, pomwe a kumtunda kwa msewu, amene kale ankaoneka otsalira, anapitiriza kuteleka madzi m'mamawa.

Chakumtunda pang'ono kwa baraji, pa mlatho wa njanji, sitima zazitali za malasha ochokera ku Moatize zimadutsa usana ndi usiku kupita ku Nacala. Mabogi ake ndi oposa zana, ndipo mazenera a zipinda zapafupi amanjenjemera zikamadutsa. Nthawi yokonza njanjiyo, cha m'ma 2013 ndi 2014, amisiri ndi madalaivala ankachita lendi zipinda kwa miyezi yathunthu pa Liwonde ndi pa Balaka. Ntchito itatha ananyamuka, ndipo sitima za malashazo sizitsitsa munthu wofuna chipinda.