Cipinda ca nchenche na munda wa cimanga: mmene akatswili oyamba a genetics anasankhila koleji

Zotsatila za mayeso a Giledi 12 zikatuluka, funso limene limavuta m'nyumba zambili ni lakuti: nikaphunzile kuti? Amene afuna genetics, sayansi ya mmene ana amatengela makolo awo, amavutika kwambili, cifukwa pa mndandanda wa makosi dzina limeneli silioneka kawilikawili. Vutoli si la lelo. Zaka zopitilila 100 zapitazo ku America, acicepele atatu amene anadzamanga maziko a sayansi imeneyi analowa koleji, ndipo palibe olo mmodzi amene digili yake yoyamba inalembedwa kuti genetics.

Panthawiyo sayansiyi inali ikali khanda. Zimene Gregor Mendel anapeza m'dimba la amonke zinasindikizidwa mu 1866, koma akatswili anayamba kuzilabadila mu 1900. Liwu lakuti genetics analipanga ni William Bateson mu 1905.

Woyamba mwa atatuwo ni Alfred Sturtevant, amene anakulila pa famu ku Alabama. Ali mwana anali kukonda kulemba mibadwo ya mahosi a atate wake. Mu 1908 anapita ku Columbia University ku New York pa cifukwa cimene ambili a ife ticidziwa bwino: mkulu wake Edgar anali kuphunzitsa ku Barnard College mumzinda womwewo, conco malo ogona analipo. Kumeneko anakumana na mphunzitsi Thomas Hunt Morgan, namuonetsa zimene anapeza pa mitundu ya ubweya wa mahosi. Morgan anamulimbikitsa kuzisindikiza, kenako anamupatsa desiki m'cipinda cake cofufuzilamo.

Cipindaco cinali cocepa, pafupifupi mamita 5 m'lifupi na 7 m'litali, codzala na mabotolo a mkaka mmene anali kuwetela tunchenche twa pa zipatso na kutudyetsa nthoci zowola. Mwana wa sukulu wina, Calvin Bridges, analowamo monga wotsuka mabotolo, ndipo pambuyo pake anakhala mmodzi mwa akatswili a gululo. Mu 1911 Sturtevant, akali pa digili yoyamba, anaganiza motele: majini awili amene ali pafupi pa chromosome amapita pamodzi kwa mwana nthawi zambili, koma amene atalikilana amalekana kawilikawili. Ukawelenga kuti alekana kangati, udziwa mtunda wa pakati pawo. Usiku umodzi anasiya homuweki, natenga manambala a gululo, najambula mapu oyamba a majini. Anasindikizidwa mu 1913.

Waciwili ni Barbara McClintock, wobadwa mu 1902, amene anakulila ku Brooklyn. Kwa iye nkhondo inali pa nyumba. Ndalama zinali zocepa, ndipo amayi wake anali kuopa kuti mtsikana wophunzila kwambili sadzapeza banja. Atate wake, amene anali dokotala, anamuikila kumbuyo, ndipo mu 1919 analowa College of Agriculture ku Cornell University, kumene ana a m'cigawo ca New York sanali kulipila fizi. Mu 1921 anatenga kosi ya genetics kwa C. B. Hutchison. Kumayambililo kwa 1922 mphunzitsiyo anamutumila foni, namuitana kuti alowe kosi ya ophunzila a digili yapamwamba. McClintock anadzakamba pambuyo pake kuti foni imeneyo ndiyo inamukhazika mu genetics. Koma mapepala ake, kuphatikizapo PhD ya mu 1927, ni a botany, sayansi ya zomela.

Cimene Cornell inali naco ni munda wa cimanga na Rollins Emerson, amene anasonkhanitsa acicepele ofufuza mbewuyi. Nchito inali ya padzuwa: kuvala tumatumba pa ngayaye na pa zisononkho, kusamutsa mungu na manja, kuyembekezela miyezi, kenako kuwelenga njele imodziimodzi. Mu 1931 McClintock na wophunzila wake Harriet Creighton anagwilitsila nchito chromosome 9 ya cimanga, imene inali na kamfundo kooneka pa maikulosikopu, kuonetsa kuti majini akasinthana malo, zidutswa zenizeni za chromosome nazonso zimasinthana. Zimene gulu la Morgan linapeza mwa kuwelenga, iwo anaziona na maso.

Wacitatu ni George Beadle, wobadwa mu 1903 pa famu ku Wahoo, Nebraska. Zinali kuoneka kuti adzangopitiliza famu ya atate wake, koma mphunzitsi wake wa ku sekondale anamukakamiza kupita ku koleji. Anasankha yapafupi, College of Agriculture ya University of Nebraska, natsiliza mu 1926. Kumeneko Frank Keim anamupatsa nchito yofufuza tiligu wa haibulidi, kenako anamutumiza kwa Emerson ku Cornell, kumene analima cimanga m'gulu limodzi na McClintock. Mu 1958 Beadle analandila mphoto ya Nobel pa nchito imene anacita na Edward Tatum, yoonetsa kuti majini amalamulila kupangidwa kwa ma enzyme m'thupi.

Tikaika nkhani zitatuzi pamodzi, tiona kuti zifukwa zosankhila koleji zinali za masiku onse: wacibululu wokhala mu tauni, fizi, kufupika na kwawo. Cimene cinawapanga kukhala akatswili cinabwela atalowa kale. Aliyense anapeza mphunzitsi amene anali kufufuza yekha, ndipo mphunzitsiyo analola mwana wa sukulu kugwila camoyo na manja, kaya nchenche, tiligu kapena cimanga, asanatsilize digili yoyamba kapena atangoitsiliza.

Tisaiwale kuti njilayo siinali yofanana kwa onse. Beadle anakwela mpaka kukhala mtsogoleli wa University of Chicago. McClintock, pokhala mkazi, anakhala zaka zambili popanda nchito yokhazikika. Anacoka ku University of Missouri mu 1941 ataona kuti sadzakwezedwa, napita ku Cold Spring Harbor. Kumeneko, poyang'anitsitsa njele za cimanga zokhala na tumadontho, anapeza kuti majini ena amasamuka malo pa chromosome. Atafotokoza zimenezi mu 1951, ambili sanazilandile. Mphoto ya Nobel inamupeza mu 1983, ali na zaka 81. Mphunzitsi wabwino anamutsegulila khomo loyamba, koma makomo ena anakhala otseka kwa nthawi yaitali.

Mbewu imene McClintock na Beadle anaphunzililapo ni imodzimodzi imene timadya tsiku lililonse. Nzelu za majini a cimanga n'zimene zinabala mbewu za haibulidi, monga SR52 imene inatulutsidwa ku Southern Rhodesia mu 1960 ndipo inalimidwa kwambili na alimi akuluakulu kuno kwathu. Ku Mount Makulu, ku Chilanga, akatswili a boma akhala akupanga mitundu ya mbewu kwa zaka zambili. Conco wacicepele wa ku Lusaka kapena ku Chipata amene afuna genetics angaipeze itabisala m'maina ena: biological sciences, plant science, animal science, biomedical sciences. Pa UNZA, mwacitsanzo, masukulu a Natural and Applied Sciences na Agricultural Sciences ni malo oyambila kufunsa.

Musanalembe fomu, pezani mndandanda wa makosi a caka ciliconse, muone ngati muli genetics, biochemistry, molecular biology na statistics, pakuti Sturtevant anajambula mapu ake na masamu. Fufuzani maina a aphunzitsi, muone ngati pali zimene asindikiza posacedwa. Kambani na ophunzila a caka comaliza, muwafunse kuti ma practical amacitikadi kangati, komanso ngati pulojekiti yawo inawalowetsa mu labu kapena m'munda. Welengelani fizi na malo ogona mosabisa, cifukwa digili imene simungakwanitse kuitsiliza siingakuthandizeni. Ndipo mukalowa, gogodani pa khomo la mphunzitsi amene afufuza zimene mukonda, mumupemphe nchito iliyonse, olo ikhale yotsuka mabotolo.