Galasi la Nyali m'Minda ya Tiyi ku Thyolo

Mbiri ya tiyi ku Thyolo imakambidwa kaŵirikaŵiri ngati nkhani ya usana: kuthyola masamba, kupima pa sikelo, kulandira malipiro. Koma usiku nawo uli ndi mbiri yake, ndipo mbiri imeneyi yagona pa kanthu kosachedwa kusweka, galasi la nyali.

Tiyi wa malonda anayamba ku Mulanje, kumene Henry Brown anabzala m'chaka cha 1891. Ku Thyolo anafika mochedwerapo, pa Bandanga, cha m'ma 1908. Maclean Kay anatsegula munda wa Satemwa m'chaka cha 1923, ndipo nyumba yake ya Huntingdon inamangidwa mu 1928. Nyumba za eni minda zinali zazikulu, za makonde otambalala, kotero kuti kuziunikira inali ntchito ya munthu wolembedwa. Madzulo aliwonse wantchito wa m'nyumba ankathira parafini, kudula chingwe chopserera, ndi kupukuta magalasi onse. Galasi likasweka, mlandu unali wake.

Galasilo linali ndi ntchito yaikulu. Aimé Argand wa ku Geneva ndiye anatchukitsa, cha m'ma 1780, nyali ya chingwe chozungulira yokhala ndi galasi lalitali pamwamba. Galasi limakoka mpweya monga imachitira chumuni, mafuta amapsa bwino, laŵi limaima chilili, utsi nuchepa. Pambuyo pake kunabwera nyali yopopa ya Tilley, yoŵala kwambiri koma yothobwa m'maso. Apa ndi pamene anthu anazindikira kuti kuŵala kochuluka si kuŵala kwabwino. Mankhwala ake anali aŵiri: kuveka nyali galasi loyera ngati mkaka, lomwe limamwaza kuŵala mbali zonse, ndi kuichotsa patebulo n'kuipachika pakhoma, kuti chipupa cha njereza chibweze kuŵalako mofatsa. Ngakhale babu la magetsi linafuna chithandizo chomwecho. Mu 1925 Marvin Pipkin wa ku America anapeza njira yolichititsira khungu mkati popanda kulifooketsa.

Tsono kutsika pang'ono kuchokera ku nyumba ya bwana kunali komboni. Ambiri okhala kumeneko anali Alhomwe amene anachokera ku Mozambique kuthaŵa nkhanza za Apwitikizi, nadzapeza thangata, lamulo lolipira malo okhala pogwira ntchito m'munda wa mwini malo. Makolo awo ankaunikira ndi muuni wa udzu kapena moto wa pamafuwa. Parafini atafika m'masitolo, kunabadwa koloboyi: kachitini kapena kabotolo, kansalu kopota, basi. Mafuta ake anali omwewo a m'nyali ya bwana. Chosiyana chinali galasi lokha. Popanda galasi laŵi limavina, mphepo ya chiperoni ikaloŵa pa khomo limazima, ndipo mwana woŵerenga pafupi nalo amadzuka m'maŵa mphuno zili bii ndi mwaye. Nyali yagalasi yonyamula m'manja inali chuma. Ikapezeka pa mudzi, inkabwerekedwa pa maliro ndi popita ndi wodwala kuchipatala, ndipo wobwereka ankainyamula ngati dzira.

Thangata linatha m'chaka cha 1962. Magetsi a pa Nkula, pa mtsinje wa Shire, anayamba mu 1966, ndipo a pa Tedzani anatsatira mu 1973. N'zomvetsa chisoni kuti mawaya anadziŵa msanga njira ya ku fakitale ndi ku nyumba za akuluakulu kusiyana ndi njira ya kumudzi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malaŵi monse mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ankaunikira ndi magetsi, pamene oposa theka ankadalira matochi a mabatire.

Koloboyi anagonja, osati kwa magetsi, koma kwa tochi ndi nyali ya sola. Utsi unachoka m'nyumba, ndipo zimenezo n'zoyamika. Komabe tinyali tatsopanoti timalasa m'maso ngati Tilley yakale ija. N'chifukwa chake m'nyumba zina tochi amailozetsa kudenga kapena kukhoma, mwina kuiphimba ndi chigubu choyera cha pulasitiki, kuti ana athe kulemba ntchito ya kusukulu.