Kugona pa Sapitwa: Mbiri ya Nsonga Imene Makolo Ankaiopa

Phiri la Mulanje lili ndi nsonga zambiri, koma yoposa zonse ndi Sapitwa, imene kutalika kwake ndi mamita 3,002. M'Malawi muno mulibe malo ena okwera kuposa pamenepa. Dzina lakelo ndi chenjezo kale: makolo ankati kumeneko sikupitidwa. Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe okhala m'tsinde mwa phirili ankakhulupirira kuti kumwambako n'kwawo kwa mizimu, ndipo ena ankasimba za Abathwa, anthu aafupi amene anakhalako kalekale.

Sikuti phiri lonse linali loletsedwa ayi. Alenje ndi asing'anga ofuna zitsamba ankalowamo, kukawadera n'kugona m'mapanga, ndipo pa Dziwe la Nkhalamba, mumtsinje wa Likhubula, akuluakulu ankathira nsembe popempha mvula. Koma aliyense ankalowamo mwaulemu. Munthu akapeza chakudya chokonzakonza pathanthwe, monga nthochi zakupsa, ankayenera kudya pomwepo, osaitana mnzake, osatengeranso kumudzi. Wophwanya mwambowu, ankatero akuluakulu, amasochera osabwereranso.

Zinthu zinayamba kusintha atafika Azungu. David Livingstone analiona phirili mu 1859. Mu 1891 Alexander Whyte, katswiri wa zomera amene ankagwira ntchito pansi pa Harry Johnston, anakwera kumtunda nakapeza nkhalango za mkungudza wa Mulanje, mtengo umene sumera wokha kwina kulikonse padziko lapansi. Boma la atsamunda linaona chuma m'matabwa ake, ndipo mu 1927 linaika phirili m'gulu la nkhalango zotetezedwa. Njira zambiri zimene alendo amadzera lero zinapondedwa ndi amuna a m'midzi yozungulira, amene ankacheka matabwa kumtunda n'kutsika nawo atasenza pamutu. Mayina awo sanalembedwe m'mabuku, koma popanda mapazi awo sipakanakhala ulendo wa pa Sapitwa.

Ntchito ya zankhalango ndiyo inabweretsa nyumba zoyamba zogona m'phirimo. M'zaka za m'ma 1950 kunabadwa bungwe la okonda kukwera mapiri, limene lero limatchedwa Mountain Club of Malawi, ndipo kugona kumtunda kunasanduka chisangalalo cha alendo. Masiku ano kuli nyumba ku Chambe, Lichenya, Thuchila, Chinzama, Sombani, Madzeka ndi kwina, iliyonse ndi mlonda wake wotunga madzi ndi kukoleza moto.

Wofuna kufika pa Sapitwa kawirikawiri amanyamuka pa Likhubula m'mamawa, n'kuyenda tsiku lathunthu kukagona ku nyumba ya Chisepo, m'tsinde mwa nsongayo. Kuchokera pamenepo pamatsala maola atatu kapena anayi okwawa pamatanthwe otsetsereka ndi kupanikizika m'mipata ya miyala ikuluikulu. Olimba mtima amasenza matenti, zofunda ndi madzi, n'kukagona pamwamba penipeni kuti akaone dzuwa likutuluka, mitambo ili kunsi kwa mapazi awo. Usiku wake ndi wozizira koopsa, makamaka mu Juni ndi Julayi. Choopsa chachikulu ndi chiperoni, nkhungu yamvula yochokera cha ku Mozambique, imene imafika mwadzidzidzi n'kuphimba njira, miyala n'kuyamba kuterera.

Phirili lakhala likukumbutsa anthu kuti silisewera. Mu 1949 Fred France, mkulu wa zankhalango, anakokoloka ndi madzi powoloka mtsinje wosefukira ali paulendo ndi mlembi Laurens van der Post. Kanyumba kena ka pa Chambe kamadziwikabe ndi dzina lake. Mu 2003 mayi wina wachitsikana wa ku Netherlands ananyamuka yekha kulowera ku Sapitwa, ndipo sanaonekenso. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anasiya womutsogolera m'munsi nakwera yekha. Nyengo inasintha, ndipo thupi lake linapezeka patapita masabata. Ena amati inali mizimu, ena amati nkhungu ndi chisanu. Onsewo amagwirizana pa chimodzi: safunsa anadya phula. N'chifukwa chake lero alendo amalangizidwa kuti asakwere popanda wotsogolera wa m'deralo, ndipo ntchitoyi, pamodzi ndi yosenza katundu, ikudyetsa mabanja ambiri ku Mulanje ndi ku Phalombe.

Ulemerero wa phirili wafika patali. Mu 1984 mkungudza wa Mulanje unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO linalemba phirili m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse, makamaka chifukwa cha miyambo ndi zikhulupiriro za anthu olizungulira. Komabe mikungudza ikuluikulu yatsala pang'ono kutheratu chifukwa cha macheka ndi moto wolusa. Zimene mantha a mizimu anasunga kwa zaka mazanamazana zasakazika m'mibadwo yowerengeka.

Sapitwa tsopano amapitidwa, ndipo ana asukulu, magulu a mipingo ndi alendo akunja amagona kumene makolo sankayerekeza kuponda. Koma malangizo amene wotsogolera amapereka pa Likhubula sasiyana kwenikweni ndi a makolo aja: kuyenda modzichepetsa, kumvera wodziwa njira, kubwerera nkhungu ikatsika, ndi kusiya za m'phiri m'phiri momwemo. Mawu a akulu akoma akagonera.