Conan ndi mlembi wake, Robert E. Howard

Conan ndi ngwazi ya m'nkhani zopeka za malupanga ndi matsenga. Anamuyambitsa ndi Robert E. Howard (1906–1936), mlembi wa ku Texas, m'dziko la America. Nkhani yoyamba ya Conan inatuluka mu Disembala 1932 mu Weird Tales, magazini yotsika mtengo yosindikizidwa pa mapepala otchipa.

M'nkhanizi, Conan ndi mwana wa wosula zitsulo wa ku Cimmeria, dziko lopeka. Amayamba ngati mbala, kenako msilikali waganyu, mapeto ake mfumu ya Aquilonia.

Howard, mwana wa dokotala wakumudzi, anakulira ku Cross Plains, tauni yaing'ono ya alimi. Mafuta atapezeka kumeneko m'zaka za m'ma 1920, kunadzaza alendo ofuna chuma, ndipo ndewu, juga ndi umbanda zinachuluka. Mwiniwake analemba kuti Conan anamuumba kuchokera kwa amuna amene ankawadziwa: ankhonya, otchova juga, andewu a kuzitsime za mafuta ndi antchito okhulupirika. Ankakondanso mabuku a Jack London, Rudyard Kipling ndi Harold Lamb. Phunziro lobwerezedwa m'nkhani zake nlakuti chitukuko sichichedwa kugwa.

Filimu ya Conan, yosewera Arnold Schwarzenegger, inatuluka mu 1982.