Manda a Ajeremani pa Mpata wa Futa

Ana inu, tambasulani mapu a dziko la Italy. Pakati pa dzikolo padutsa mzere wa mapiri ochedwa Apennines, ndipo pakati pa mizinda ya Florence ndi Bologna pali mpata wa m'mapiri wochedwa Futa, mamita 903 pamwamba pa nyanja. Pa citunda coyang'ana mpatawo pagona asilikali a ku Germany oposa 30,000.

Kodi anafa bwanji kutali cotere ndi kwawo? M'caka ca 1944, Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse ili mkati, Ajeremani anali kubwerera m'mbuyo kulowera kumpoto. Atafika m'mapiriwa anakumba maenje, nachera mabomba, namanga malinga ochedwa Gothic Line. Asilikali a ku America analanda Futa mu September, koma mvula, matope ndi cisanu zinawaimitsa. Ajeremani a mu Italy anagonja pa 2 May 1945.

Nkhondo itatha, mitembo inali itamwazikana m'minda ndi m'mbali mwa misewu. Bungwe la Volksbund, limene lakhala likusamala manda a asilikali a ku Germany kuyambira 1919, linaifukula ndi kuisonkhanitsa pamalo amodzi. Mandawo anatsegulidwa mu June 1969.

Tsono taganizani vuto limene mmisiri Dieter Oesterlen anali nalo. Pafupi ndi Futa pali Marzabotto, kumene asilikali a SS anapha anthu wamba pafupifupi 770 mu 1944, ambiri a iwo amayi, ana ndi okalamba. Abale a ophedwawo anali akali moyo. Kodi gulu lankhondo lotere mungalimangire ciani pa nthaka ya anthu amene linawazunza? Komanso ambiri mwa akufawo anali anyamata ongotengedwa mokakamiza, ndipo makolo awo anafuna malo okalirirapo.

Oesterlen sanaimike cifanizo ca ngwazi yonyamula mfuti. Anamanga khoma la miyala lotalika makilomita 2, lozungulira citundaco ngati cigoba ca nkhono, likukwera pang'onopang'ono mpaka kuthera pa nsonga yakuthwa ya mamita 16. Miyala ya maina inagonekedwa pansi m'udzu. Mlendo amakwera wapansi, akuwerenga zaka zobadwa ndi zaka zomwalira, ndipo masamu ake amacita yekha. Ine ndiona kuti mmisiriyo anasankha bwino, ngakhale kuti khoma silingauze munthu amene anali wakupha ndi amene anali wosalakwa mwa ogona pamenepo.

Aphunzitsi, onetsaninso ana mudzi wa Castiglione dei Pepoli, kumadzulo kwa Futa. Kumeneko kuli manda oposa 500 a mbali inayo, ndipo ambiri ndi a asilikali ocokera ku South Africa.