Galu wa pa galamafoni ndi mphaka woimba kiyibodi



Nthawi ya holide, kiyibodi ya kwaya ya kusukulu kwathu imasungidwa kunyumba kwanga. Ndikangoiyatsa pamodzi ndi ampulifaya, mphaka wathu amabwera n'kudzipinda pamwamba pa ampulifayayo. Alendo akaona amati, "Aphunzitsi, mphaka wanuyu ngwokonda nyimbo." Ine ndimangoseka, chifukwa chomwe amatsata iye ndi kufunda basi. Magetsi akazima, chipangizocho n'kuzizira, amasamukira kukhitchini. Koma mawu a alendowa andikumbutsa nyama ziwiri zomwe zinatchuka chifukwa chokhala pafupi ndi zipangizo zoimbira.

Yoyamba ndi galu. Achikulire amene anaonapo mbale za galamafoni akukumbukira kagalu koyera kakusuzumira m'lipenga la makinawo, kataweramitsa mutu. Dzina lake anali Nipper, ndipo anabadwira ku Bristol, ku England, mu 1884. Mwini wake, Mark Barraud, anamwalira mu 1887, ndiye galuyo anatengedwa ndi m'bale wake wa malemuyo, Francis Barraud, katswiri wojambula ndi utoto. Nipper anafa mu 1895. Chithunzi chotchukacho Francis anachijambula mu 1898, galuyo atatha zaka zitatu ali m'manda. Anachitcha His Master's Voice, kutanthauza mawu a mbuye wake.

Tsono tamverani apa. Poyamba, m'chithunzimo munali makina ena otchedwa phonograph, amene munthu ankatha kujambulirapo mawu ake ali kunyumba. Kampani yogulitsa makinawo inakana kugula chithunzicho. Mu 1899 Francis anapita ku Gramophone Company ku London, ndipo mkulu wa kumeneko, William Barry Owen, anavomera kugula, koma anati makinawo afafanizidwe, pajambulidwe galamafoni ya kampani yawo. Francis anachitadi zimenezo ndipo analandira mapaundi 100. Chodabwitsa n'chakuti galamafoni yapanyumba sinkajambula mawu, inkangoimba mbale zogula. Ndiye mawu a mbuye wake galuyo akanawamva bwanji mmenemo? Komabe chithunzicho chinayenda dziko lonse, anthu n'kumamvera chisoni galu wofedwa.

Nyama yachiwiri ndi mphaka wotchedwa Fatso wa ku Spokane, ku America. Mu 1984 mwini wake, Charlie Schmidt, anamuveka malaya abuluu, n'kumukhazika kutsogolo kwa kiyibodi, n'kumujambula vidiyo. Pa vidiyopo mphakayo amaoneka akuimba ndi miyendo yakutsogolo ngati katswiri. Zoona zake n'zakuti Schmidt ndiye ankagwedeza miyendoyo, manja ake atabisika m'malayamo. Fatso anafa mu 1987. Vidiyoyo inaikidwa pa YouTube mu 2007, ndipo pofika 2009 anthu mamiliyoni ankamudziwa ndi dzina loti Keyboard Cat. Nayenso, ngati Nipper uja, anatchuka atafa kale.

Sindikunena kuti Barraud ndi Schmidt anali akathyali, ayi. Winayo ankafuna kugulitsa luso lake, winayo ankangofuna kuseketsa anthu. Chomwe chikundikhudza ine, monga mphunzitsi wa mbiri yakale, ndi momwe ife oonera timafulumirira kukhulupirira chithunzi chikatikhudza mtima. Tsiku lina ndinaonetsa ana a Fomu 3 chithunzi cha Nipper n'kuwafunsa zimene akuona. Pafupifupi onse analemba kuti galuyo akulira mbuye wake. Palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa kuti anajambula ndani, chaka chanji, nanga analipira ndani. Ana omwewa mawa alandira pa WhatsApp zithunzi za ndale, za matenda ndi za maliro, ndipo azitumiza kwa anzawo osafunsanso. Apo sizidzakhalanso zoseketsa.

Aphunzitsi anzanga, yesani phunziro limeneli m'kalasi mwanu. Silifuna ndalama, chithunzi chimodzi n'chokwanira. Inu ana anga akale, mafunso atatu aja musawaiwale: anajambula ndani, liti, ndipo ankafuna chiyani?

Pamene ndikulemba pano, mphaka uja wagonanso pa ampulifaya. Ndikhoza kumujambula n'kulemba pansi pake kuti akudikira kwaya iyambe, ndipo ambiri mungakhulupirire. Koma ndiyenera kumuchotsapo, chifukwa ubweya wake ukatseka timabowo totulutsira kutentha, ndine amene ndikayankhe kwa ahedi.