Abusa a nkhosa amene anagula makolo

M'mudzi wa Great Brington, m'dera la Northamptonshire ku Mangalande, muli tchalitchi chakale cha St Mary. Ukalowamo, maso amayamba kugwa pa mabenchi a matabwa. Kumapeto kwa mabenchiwo kuli mitu yosemedwa bwino, ina ya m'zaka za m'ma 1400, ndipo yasalala ndi manja a anthu amene akhala akuigwira popemphera. Koma alendo ambiri sachedwa pamenepo. Amathamangira kumpoto kwa guwa, kumene kuli chipinda cha banja la Spencer, makolo ake a Diana uja.

M'chipindamo mwagona zifanizo za mwala, amuna atavala zankhondo, akazi awo pambali, manja ali pamodzi ngati akupemphera. Paliponse pali zishango zojambulidwa. Kwa Angerezi akale, chishango chinali ngati mfunda wolembedwa ndi utoto: ukachiona umadziwa kuti uyu ndi mwana wa yani, anakwatira kwa yani. Woyamba kugona m'menemo ndi Sir John Spencer, amene anamwalira mu 1522. Mkuluyu sanalemere ndi lupanga ayi. Analemera ndi nkhosa, ubweya ndi nyama, mpaka anagula malo a Althorp mu 1508. Mu 1504 anali atapatsidwa kale chishango chake, chamtundu wa mtambo, chokhala ndi mitu isanu ndi umodzi ya mbalame za kunyanja. Chishango chabwino ndithu, koma chinkanunkha utsopano.

Zidzukulu zake zitakhuta, zinayamba kuchita manyazi ndi fungo la khola. Mu 1595 mkulu wina woyang'anira zishango za mabanja, Richard Lee, anawakonzera mndandanda wa makolo wowalumikiza ndi a Despencer, banja lotchuka limene linkadya ndi mafumu zaka 300 m'mbuyomo. Mbalame zija zinauluka. M'malo mwake munabwera chishango choyera ndi chofiira cha a Despencer, atachiwonjezera zigoba zitatu za nkhono ya m'nyanja. Nanga ukakhala ndi ndalama, agogo angavute kupeza? Bodzali linakhala zaka zoposa 300 kufikira mu 1901, pamene katswiri wa mbiri J. Horace Round anafufuza zikalata ndi kuonetsa poyera kuti ubalewo unali wopeka.

Anzawo a nthawi imeneyo sanapusitsike. Mu 1621, m'nyumba ya malamulo ya akuluakulu, Earl wa ku Arundel ananyoza Robert Spencer kuti pamene mbiri inkapangidwa, makolo ake anali kubusa. Akuti Spencer anabweza moto: inde, athu ankaweta nkhosa pamene anu ankakonza chiwembu choukira mfumu. Arundel anakagona ku Tower of London chifukwa cha mkanganowo. Ine ndimaona kuti yankho limenelo linali ulemu woposa chishango chogulacho, pakuti tsiku limenelo munthuyu anavomera kwawo.

Mukatuluka m'chipindamo, yang'anani pansi. Pafupi ndi guwa pali chiliza chosanyada cha Lawrence Washington, amene anamwalira mu 1616. Banja lake linali litachepekedwa, n'kudzakhala pafupi ndi a Spencer, abale awo. Pamwalapo pali mizere iwiri ndi nyenyezi zitatu pamwamba pake. Mdzukulu wa Lawrence, dzina lake John, anawoloka nyanja kupita ku Virginia, ndipo m'mbumba yake ndi mmene munabadwa George Washington, pulezidenti woyamba wa America. Anthu amakonda kunena kuti mbendera ya America inachokera pa chishango chimenechi, koma umboni palibe. Chotsimikizika n'chakuti mbendera ya mzinda wa Washington, imene anaikhazikitsa mu 1938, anaitengera pomwepo.

Diana atamwalira mu 1997, poyamba anakonza zoti akagone m'tchalitchimu pamodzi ndi makolo ake. Koma poopa kuti khamu la anthu lidzasokoneza kamudzi kakang'onoka, anamuika pa kachilumba ka m'dziwe la ku Althorp. Zigoba za Richard Lee zija sizinathere pamenepo. Pamene William, mwana wa Diana, anapatsidwa chishango chake mu 2000, anaikapo kachigoba kofiira kokumbukira amayi ake, ndipo mng'ono wake Harry anaikapo titatu mu 2002.